Womasulira wa Anthu a M'nkhungu

Ndinabadwira kumpoto kwenikweni, pamwamba pa phiri lalikulu lathyathyathya, kumene nkhungu imalowa m'nyumba ngati mlendo wozolowera. Dzina la phirilo sinditchula. Limene lili pa mapu si lathu, ndipo lathulo ndinatopa kulikonza m'kamwa mwa anthu. Ife tinali mtundu waung'ono wa chilankhulo chathuchathu. Tinkalima mawere m'mbali mwa timitsinje, kukumba timbatata ta chinaka m'madambo, ndi kupachika ming'oma ya njuchi m'tinkhalango ta m'makwawa.

Chaka china kunabwera malole. Anthu a boma anati phirilo alipatula kuti likhale la nyama zakutchire, ndipo ife atipezera malo abwino kuchigwa. Bambo anga anapempha kuti akatsitse kaye ming'oma yawo. Anawayankha kuti njuchi nazo ndi nyama za boma. Tikutsika ndinacheuka, ndipo sindinathe kusiyanitsa utsi wa madenga athu ndi nkhungu.

Kuchigwa kunali kotentha, udzudzu ponseponse, ndipo matupi athu sankawadziwa malungo. Dzinja loyamba tinaika maliro mpaka makasu anabuntha. Anayamba kupita ndi mayi, bambo n'kuwatsatira. Eni chigwa ankatitcha anthu a m'nkhungu, potiseka. Anandilera ndi azakhali anga, a Nasibale, mlongo wawo wa bambo. Anali mayi wofulula mowa, wa mawu aakulu, amene sanavomerepo kuti kuchigwa n'kwathu. Pakhomo pawo panalibe mtengo wa zipatso ngakhale umodzi.

"Wobzala mango ndiye wakhazikika," ankatero. "Ife tikungodikira."

Ndinapita kusukulu, n'kuphunzira Chichewa ndi Chingerezi. Ndinakwatiwa, n'kubereka mwana wamwamuna, Lusekelo. Bambo ake anapita kummwera kukafuna ntchito, msewu n'kuwameza. Zaka zinkangodutsa, zofanana ngati mizere ya m'munda.

Kenako kunafika galimoto yodzaza fumbi, m'menemo muli ophunzira atatu ochokera kuyunivesite. A Thombozi anali ofukula zakale, mwamuna wamtali wosaseka wamba. Mayi Chidzalo ankafufuza zilankhulo. A Nkhwazi, achikulire otsokomola, ankafufuza zomera ndi nthaka. Anati kale aliyense ankayenda payekha, koma tsopano agwirizana kuti alembe buku limodzi la phirilo ndi anthu ake. Ankafuna womasulira.

Masiku omwewo azakhali anali atayamba kusonkhanitsa anthu athu kuti akasumire boma. Loya wa kumzinda anali atawauza kuti misozi siilowa m'khoti, pakufunika umboni woti phirilo linali lathu kuyambira kalekale. Azakhali anandiitanira kuseri kwa migolo ya mowa.

"Iwe mwana wa mlongo wanga, pita nawo anthuwa. Mwanayu umusiye kwa ine. Iwo akufuna buku, ife tikufuna phiri. Ukatibweretsere umboni."

Umo ndi mmene ndinayambira kuyenda.

Pachipata cha waya panali mlonda wa nkhalango ndi mfuti yake. Anawerenga chilolezo cha a Thombozi, n'kundiloza ndi chibwano.

"Nanga awa?"

"Wantchito wathu," anatero a Thombozi.

Ndinalowa kwathu ngati wantchito. Koma ndinaponda pachipatapo mwamphamvu kuti phazi langa lidindike.

Pamwamba pa phiri nkhungu inali yomwe ija. Mbidzi zinkadya pamene kale panali bwalo lathu. A Thombozi anandipatsa kachitsulo kopalira dothi ndi sefa, n'kundigwaditsa m'dzenje la makona anayi limene analizinga ndi ulusi.

"Amake Lusekelo, mukuona chiyani?"

"Dothi, bambo."

"Onaninso."

Ndinayang'ana kwa masabata. Pang'ono ndi pang'ono dothi lija linayamba kugawikana: lakuda pamwamba, lofiira pansi pake, kenako mzere wa phulusa wowonda ngati chikhadabo. Ndinaphunzira kuti nthaka imayala zaka ngati mphasa, yakale pansi, yatsopano pamwamba, ndi kuti wokumba mwaphuma amasakaniza agogo ndi adzukulu. Tinafukula ng'anjo zosungunulira chitsulo, mapale a miphika, ndi makala amene a Thombozi ankawakulunga mosamala kuti akayezedwe zaka kunja.

Tsiku lina ndinawatengera kumabwinja a mudzi wathu. Ndinawaonetsa mafuwa atatu a mayi anga, ali pomwe anawasiya, udzu utamera pakati.

"Apa mpatsopano kwambiri," iwo anatero. "Si ntchito yathu imeneyi."

"Ndi ntchito yanga," ndinayankha.

Lamulungu, iwo akupuma, ndinakazinga ulusi wanga pamenepo n'kuyamba kupala ndekha. Lamulungu lotsatira anabwera n'kuima pambali, manja ali kumbuyo. Anayang'ana kwa nthawi, kenako anati ngodya yanga yapendama, n'kugwada kuikonza. Tinafukula nyumba ya makolo anga monga mmene tinkafukulira za anthu amakedzana, chinthu chilichonse kuchijambula pomwe chagona. Tinapeza mphero, mkanda wobiriwira, ndi loko wa chitseko ali chitsekere. Bambo anakhoma nyumba tsiku lija, poganiza kuti tibwerera.

M'mamawa wina, nkhungu itatsika mpaka m'mawondo, ndinaona malemu bambo anga ataima pansi pa mtengo, akuyang'ana mng'oma wowola umene unali udakapachikika. Sanandiyang'ane. Ndinawasiya agwire ntchito yawo, ine n'kupita kukagwira yanga.

Mvula itayamba, maenje tinawakwirira, ndipo ananditenga ndi mayi Chidzalo. Anthu athu anali atamwazika, ena m'midzi ya m'chigwa, ena m'minda ya fodya, ena m'matauni. Tinkawatsata ndi makina ojambulira mawu. Tinkafika pamudzi, kukhala pakhonde, kufunsa dzina la dzanja, la mvula, la mwana wobadwa pambuyo pa mapasa. Madzulo mayiwo ankandiveka zomvera m'makutu.

"Amake Lusekelo, mwamva chiyani?"

"Akuti madzi, mayi."

"Mveraninso."

Ndinamvera mpaka ndinazindikira kuti liwu limene ndinalilankhula chibadwire limakwera pakati n'kutsika kumapeto, ndipo ukalitsitsa poyamba latanthauza china. Chilankhulo changa chomwe ndinachiona ngati nyumba imene ndakhalamo zaka zonse osayang'anapo kudenga.

Midzi inkafanana. Paliponse panali mbuzi pachulu, mwana wothamanga kukaitana akuluakulu, ndi mpando umodzi umene ankaupereka kwa mayi Chidzalo. Koma tikamatalikira phiri, mawu ankachepa. Kumudzi wina nkhalamba zinkalankhula, ana akumva koma osayankha. Kumudzi wotsatira nkhalamba zinkalankhula, ana akuseka. Kwinako nkhalamba zinkangokumbukira nyimbo ya maliro basi.

M'tauni ina ya m'malire tinapeza telala, a Kanyika, akusoka pakhonde la sitolo. Ndinkawadziwa. Anali bwenzi la bambo, ndipo ndi iwo amene anandinyamula pamapewa potsika phiri. Ndinawapatsa moni m'chilankhulo chathu. Makina osokera anaima, kenako anayambanso kulira.

"Pepani mayi, sindikumva," anatero m'Chichewa.

"A Kanyika, ndine mwana wa mnzanu uja wa njuchi."

"Ana anga anakwatira kuno. Adzukulu anga sasekedwa kusukulu. Ndinavula zimenezo, ndipo sindizivalanso chifukwa cha buku la munthu." Anadula ulusi ndi mano. "Inu mukutola mawu ngati nkhuni za maliro. Pitani."

Mayi Chidzalo anandikoka dzanja kuti tizipita. Ine ndinakhala pansi pakhondepo n'kuyamba kuwauza, m'chilankhulo chathu, mayina a onse amene tinawaika kuchigwa, mmodzimmodzi. Sanandithamangitse. Ankangosoka. Nditamaliza ndinadzuka. Ndili pamsewu anandiitana, n'kutchula dzina la mwana wawo wamkazi amene ndinamuiwala pamndandandawo. Analitchula mokweza pakati n'kutsitsa kumapeto. Makina a mayi Chidzalo anali m'chikwama, ozimitsa, ndipo mayiwo sanawatulutse.

Ndinkabwerera kuchigwa mwa apo ndi apo. Ulendo uliwonse ndinkapeza Lusekelo atatalika, akundilonjera ngati mlendo. Azakhali ankandifunsa funso limodzi ndisanakhale n'komwe pansi.

"Umboni uja?"

"Ukupsa, azakhali."

"Mowa ukachedwa pamoto umasasa."

Nyengo ya chisanu itafika ndinakweranso phiri, tsopano ndi a Nkhwazi. Pachipata panali mlonda wina, mfuti yomwe ija. Anawerenga chilolezo n'kundiloza.

"Nanga awa?"

"Wothandizana nane," anatero a Nkhwazi.

Anandipatsa chimango cha matabwa cha makona anayi, n'kuchiponya paudzu.

"Amake Lusekelo, mukuona chiyani?"

Ndinali nditachenjera. "Ndiyang'anenso, bambo?"

Anaseka mpaka chifuwa chinawagwira.

Ndi iwo ndinaphunzira kugona chafufumimba m'mame, kusiyanitsa udzu ndi udzu unzake. Tinkaboola m'madambo ndi chitoliro chachitali, n'kutulutsa matope akuda a pansi penipeni. M'matopemo munali fumbi la maluwa akalekale ndi timizere ta makala. A Nkhwazi ankafunsa nkhalamba zathu kuti tchire tinkalitentha liti, mbali iti poyamba, mphepo ikuchokera kuti, ine n'kumamasulira. Kenako ankayala mayankhowo pafupi ndi timizere tija. Zinkagwirizana. Dambo lokongola limene alendo ankabwera kudzalijambula silinadzipange lokha. Linapangidwa ndi moto wa anthu, woyatsidwa udzu ukadali ndi chinyezi, chigawo chino chaka chino, chigawo icho chaka chamawa. Chichokereni ife, zitsamba zinali kudya dambolo, chinaka chikuchepa, ndipo moto wolusa wa m'chilimwe unkapsereza ngakhale tinkhalango ta njuchi.

"Anachotsa mlimi kuti asunge munda," anatero a Nkhwazi.

Chifuwa chawo chinakula ndi chisanu cha kumeneko. Ndinawauza kuti titsike, iwo anati kwatsala dambo limodzi. Tinalimaliza. Tinatsika nditawagoneka pamiyendo panga kumbuyo kwa galimoto, ndipo anamwalira pachipatala cha m'tauni ya m'munsi mwa phiri, kumene odwala ankagona awiriawiri. Asanatseke maso anandiuza kuti matope aja asaume, ndikawaperekeze ndekha kuyunivesite.

Ndinawaperekeza, ndipo sindinabwerere msanga. Mayi Chidzalo anandimenyera nkhondo kuti andilembe sukulu. Ndinakhala m'kalasi ndi ana a msinkhu wa Lusekelo, ine imvi zitayamba. Mzinda umenewo unali wa misewu yozungulira, moti ukayenda nthawi yaitali umapezeka pomwe unayambira. M'nyumba ya mabuku ndinapeza anthu athu atagawidwa m'mashelefu: mawu athu uko, miphika yathu uko, matenda athu m'chipinda chapansi. Buku lina lakale linati ndife mtundu wamantha umene udzatha wokha. Ndinaliwerenga lonse, n'kulibwezera pamalo pake, ine wamoyo.

Kumeneko kunabweranso mayi wina wochokera kudziko lakutali kumene nthaka imakhala yoyera ndi chisanu theka la chaka. Anali wa mtundu waung'ono woweta nyama zonga mphalapala, ndipo nayenso anali atasanduka wofufuza za anthu akwawo. Tinadyera limodzi chinangwa chokazinga pansi pa mtengo. Ndinamufunsa ngati maphunziro anawabwezera malo awo.

"Ayi," anatero. "Koma tsopano akamatinamizira, timadziwa tsamba lake."

Zotsatira za makala zitafika, a Thombozi anandiitanira mu ofesi mwawo, mayi Chidzalo ali momwemo. Anatseka chitseko. Patebulo anayala mapale m'mizere iwiri.

"Amake Lusekelo, mukuona chiyani?"

Ulendo uno ndinaona msanga, ndipo ndinalakalaka ndikanapanda kuona. Mapale a pansi, a nthawi ya ng'anjo, anali ndi zolemba zina pakhosi, zosiyana ndi za miphika ya mayi anga. Pansi pa amenewonso panali timiyala tosongoka ta alenje amene sankaumba n'komwe. Mayi Chidzalo anawonjeza kuti chilankhulo chathu ndi mphukira ya zilankhulo za kutsidya kwa malire. Zonse zinkaloza kumodzi. Ife sitinali oyamba paphiripo. Tinafika mibadwo ingapo yapitayo, tinapeza anthu ena, ndipo mwina tinakwatirana nawo, mwina tinawakankha. Moto wa m'madambo unayamba ndi iwo, ife tinangoulandira.

"Mutu wa zimenezi m'buku lathu mulembe ndinu," anatero a Thombozi. "Mukakana, tilemba ife. Koma kuusiya sitingathe."

Ndinapita kuchigwa kukawauza azakhali ndekha. Ndinawapeza akusefa mowa, atakalamba, mawu okha ali omwe aja. Anandimvetsera mpaka kumapeto.

"Ndiye ukuti umboni wako ukunena kuti ndife obwera?"

"Ukunena kuti tinapeza anzathu, azakhali. Ukunenanso kuti dambo lija tinalisamala ndife, ndipo bwinja la nyumba ya bambo lilipo, loko ali chitsekere."

"Chotsa za anzathuzo. Zitsale za loko zokha."

"Sindingathe."

"Ndinakutuma kukatenga mkondo, iwe wabwera ndi mkondo wolasa ife?"

"Tikabisa, adzazifukula okha, ndipo adzati zonse n'zabodza, ndi loko yemwe. Komanso anthu ajawo analipo, azakhali. Ife anatifafaniza pa mapu. Ine sindifafaniza wina."

Anaika sefa pansi. "Mlongo wanga anabereka mwana, sukulu n'kumulanda. Tuluka pakhomo panga."

Ndinatuluka. Panjira ndinakumana ndi Lusekelo atavala yunifolomu yobiriwira. Anali atalembedwa ntchito ya ulonda wa nkhalango. Anati kuchigwa kulibe ntchito ina, mkazi wake ndi woyembekezera, ndipo mwa anthu athu onse ndi iye yekha amene amagona paphiri. Ndinamukonzera kolala imene inapindika, n'kupitiriza ulendo.

Mutu uja ndinaulemba, ndipo buku linatuluka. Mlandu wa anthu athu unalowa m'khoti lalikulu la mumzinda, ine n'kuitanidwa ngati mboni. Loya wa boma anali atawerenga bwino. Anatsegula pa mutu wanga n'kuwerenga mokweza.

"Mayi, mawu awa ndi anu?"

"Ndi anga."

"Ndiye mukuvomera kuti anthu anu si eni phiri enieni? Kuti nawonso ndi obwera?"

"Bwana, m'dziko muno ndani anamera ngati bowa? Inunso agogo anu anachokera kwina, koma palibe wabwera ndi lole pakhomo panu. Ife sitikuti tinali oyamba. Tikuti tsiku limene malole anafika, amene anali kuphika paphiripo ndife."

Anthu athu kumbuyo anang'ung'udza movomereza. Azakhali anangoyang'ana kukhoma. Oweruza analemba zonse, anatiuza kuti tidikire, ndipo tinadikira mpaka mwana wa Lusekelo anayamba kuyenda. Chigamulo chinati nkhani yathu ndi yomvetsa chisoni, koma phiri likhalabe la nyama. Ambiri anati ndagwetsa mlandu ndine. Ndikadutsa pamsika wa kuchigwa, amayi ankatembenuzira nkhope kumbali.

Ndinayendanso. Ndinaphunzitsa pasukulu ina ya m'mbali mwa msewu, ndinathandiza ofufuza ena kumadera ena, ndinagona m'nyumba za alendo zimene makoma ake onse anali a mtundu umodzi. Kulikonse ndinkalota udzu wa paphiri ukukula, ukuuma, ukudikira moto wolusa.

Chaka china, chisanu chitangoyamba, ndinabwerera kuchigwa n'kuyenda khomo ndi khomo. Ndinati ndikukwera kukatentha dambo la kum'mawa monga ankachitira makolo, udzu usanaumitse. Ndinati chilolezo ndilibe ndipo sindikachipempha. Ambiri anatseka zitseko. Ananditsata ndi anthu ochepa: amayi amasiye, nkhalamba ziwiri zimene zinkakumbukira kayendedwe ka mphepo, ndi a Kanyika, telala uja, amene anangotulukira ndi ndodo yawo osanena kuti wawauza ndani.

Sitinadzere pachipata. Tinakweza waya ndi mtengo wa mphanda n'kudutsa chowerama, dzuwa lili pamutu, kuti aliyense ationa atione. Pamwamba nkhalamba zinanyowetsa chala, zinaloza poyambira, ndipo tinayatsa. Moto unayenda pansipansi, wofatsa, ukusiya zitsinde zamoyo. Tinkautsata m'mbali ndi nthambi zaziwisi. Utafika pakamtsinje unagona wokha. A Kanyika anakhala pamwala n'kuyamba kulira, akulankhula ndi anthu amene ife sitinkawaona, m'chilankhulo chimene anati anavula.

Alonda anafika utsi ukutha. Patsogolo pawo panali Lusekelo. Anayang'ana lupsa, anayang'ana ine.

"Amayi, mwandichita chiyani?"

"Gwira ntchito yako, mwanangu. Woyatsa ndine. Awa amangondiperekeza."

"Ndikakusiyani andichotsa ntchito."

"Ndiye usandisiye."

Ndinatambasula manja. Unyolo unali m'thumba mwake, koma sanautulutse. Anandigwira pamkono monga amagwirira munthu wodwala, ndipo tinatsika phiri lonse chomwecho, iye akundichenjeza pa miyala yoterera.

Khoti la m'tauni ya m'munsi mwa phiri linali chipinda chimodzi cha malata. Woweruza anali mayi wachitsikana wooneka wotopa. Anandiwerengera mlandu wolowa m'nkhalango ya boma ndi kuyatsa moto, n'kufunsa ngati ndikuvomera. Ndinayankha m'chilankhulo chathu. Anabwereza m'Chingerezi. Ndinayankhanso m'chilankhulo chathu.

"Mayi, tikudziwa kuti munaphunzira mpaka kuyunivesite."

Ndinamuuza, m'chilankhulo chathu, kuti moyo wanga wonse ndakhala ndikunyamula mawu a anthu anga kupita nawo kwa ena, ndipo lero ena ayende kudzawatenga. Sanamve, koma anthu athu pabenchi anamva.

Lamulo limati woimbidwa mlandu amve ndi kumvedwa. Anafunafuna womasulira. Anthu athu onse odziwa Chichewa anati makutu awo akalamba. Mlandu unaimitsidwa, ine ndili m'chitokosi, mpaka anakapeza munthu mmodzi yekha wakunja amene ankachidziwa chilankhulocho. Mayi Chidzalo anafika pabasi, atapuma kale ntchito, akuyenda ndi ndodo. Analumbira n'kuima pambali panga.

Ndinalankhula tsiku lonse. Ndinanena za malole, za malungo, za timizere ta makala m'matope a a Nkhwazi, za anthu amene makolo athu anawapeza paphiripo, ndi za mphepo ya tsiku limene tinayatsa. Mayi Chidzalo ankamasulira pang'onopang'ono, ndipo kalaliki ankalemba. Akaphonya liwu, nkhalamba za pabenchi zinkawakonza mokweza, woweruza n'kumenya patebulo.

Pomaliza woweruza anati waona kuti moto sunawononge kanthu, ndipo sakufuna kutsekera munthu wa msinkhu wanga. Ndingolonjeza kuti sindidzakweranso, andimasula.

Ndinayankha. Mayi Chidzalo anandiyang'ana, n'kunong'ona m'chilankhulo chathu.

"Amake Lusekelo, ndinene momwemo?"

"Momwemo, mayi. Musathirepo madzi."

Anatembenukira kwa woweruza. "Akuti dambo la kumadzulo latsala. Akuti chaka chamawa, chisanu chikayamba, akakhala ali moyo adzakwera."

Ananditsekera miyezi ingapo. Kundende ndinkalima ndiwo zamasamba ndi amayi ena, ndipo ndinaphunzira kuluka zipewa za mlaza. Ndili komweko azakhali anamwalira. Sanatume mawu aliwonse kwa ine, ndipo sindinamizira kuti anandikhululukira. Anaikidwa kuchigwa, m'dothi limene analikana moyo wawo wonse. Nditatuluka ndinapita pamanda pawo, ndinawauza kuti msipu wa dambo la kum'mawa unaphuka, chinaka chinachita maluwa, ndipo mbidzi zonse zasamukira komweko. Ndinawauzanso kuti mutu uja sindinaufafanize ndipo sindidzaufafaniza.

Chisanu chitabweranso tinakwera, ndipo anatigwira. Chaka chotsatira tinali ochuluka moti galimoto ya alonda inachepa, anangotenga ine ndi a Kanyika. Ofufuza ena achinyamata anayamba kubwera kudzayeza udzu m'malo amene tatentha ndi amene sitinatenthe, ndipo ndikumva kuti m'maofesi a mumzinda mwayamba mikangano. Phiri silinabwezedwe. Mwina sindidzaona likubwezedwa.

Chaka chino tinakwera ndi ana omwe, ena atanyamula ming'oma yatsopano pamutu. Titakweza waya tinapeza alonda atatidikira kale, Lusekelo ali pakati pawo. Tinadutsa chowerama, mmodzimmodzi, pamaso pawo. Palibe anatigwira. Titayatsa, anatitsata chapatali, ndipo moto utayandikira kankhalango ka m'khwawa ndinaona ena a iwo akuthyola nthambi zaziwisi n'kuyamba kuzimitsa m'mbali.

Mkulu wawo anabwera kwa ine, thukuta lili chuchuchu, n'kunena kuti lero atilekerera, tiyenera kuthokoza.

Ndinamuuza kuti asunthe, waima pomwe tiyatse mawa.